Kuphunzitsa mtunda ndi liwiro pa Google Maps

Mwafunsa, aphunzitsi, momwe foni ingathandizire pa masamu kuno ku Mzuzu. Yesani izi:

1. Tsegulani Google Maps, dinikizani chala pa Katoto mpaka chizindikiro chofiira chioneke, kenako sankhani Measure distance.
2. Kokerani mzerewo mpaka ku Nkhata Bay. Ana alembe makilomitawo.
3. Onetsani njira ya galimoto ya M5. Nambala ikwera ndithu, poti msewuwu umakhotakhota potsetserekera kunyanja. Apa musathamange, asiyeni akangane kaye chifukwa chake, kenako achotsere apeze kusiyana.
4. Agawe makilomita a msewu ndi maola omwe foni yaonetsa kuti apeze liwiro. Chenjerani: mphindi 45 ndi maola 0.75, osati 0.45. Ambiri amagwa pamenepa.

Bandulo ikamavuta, jambuliranitu mapuwo kunyumba.