Kugula kompyuta yoyamba yodayivira: zoyenera kuyang'ana

Ngati mwangomaliza kosi yoyamba yodayiva ya Open Water ku Nkhata Bay kapena ku Cape Maclear ndipo mtima wayamba kufuna zida zanuzanu, ine ndingati mukapeza mask yokukwanani bwino pankhope, chotsatira chikhale kompyuta. BCD (jekete yopopa mpweya ija), regulator (chopumira mpweya wa mu silinda) ndi wetsuit (chovala cha m'madzi) mutha kumabwereka pa shopu zaka zingapo popanda vuto, koma kompyuta imasunga mbiri ya thupi lanu inuyo, ndiye siyoyenera kumangosinthasintha kapena kugawana ndi mnzanu anthu awiri kamodzi.

Ntchito yake ndi iyi. Mukakhala pansi pamadzi naitrojeni wa mumpweya womwe mukupuma uja amalowa m'magazi ndi m'minofu, mukamapita pansi kwambiri komanso mukamakhalitsa amalowanso wambiri, ndiye mukakwera mothamanga amapanga thovu m'thupi ngati mmene limachitira botolo la Fanta mukalikhutchumula n'kutsekula. Kompyuta ija imayeza kuya ndi nthawi mosalekeza n'kumakuuzani maminitsi omwe atsala musanadutse malire, ndiyo nambala ya NDL ija munaphunzira mu kosi. Imaliranso mukamakwera mothamanga, ndipo mukafika pa mamita 5 imakuwerengerani maminitsi 3 a safety stop, kuima pang'ono kuja musanatuluke m'madzi.

Choyamba kuyang'ana ndi sikirini, osati dzina la kampani. Ivaleni pamkono mu shopu momwemo, tambasulani dzanja muone ngati kuya, nthawi ndi NDL zikuoneka kamodzi osafinya maso. Munthu woyamba kumene amakhala ndi zambiri m'mutu, kupuma, makutu, buoyancy (kuti asamire kapena kuyandama mosafuna), kumuyang'ana buddy (mnzake wodayiva naye), mbuna zikudutsa pamaso pamiyala paja, ndiye sakufunikanso kumasakasaka kanambala kakang'ono pa kawotchi. N'chifukwa chake ambiri amayambira zazikulu zija monga Suunto Zoop Novo, Cressi Leonardo kapena Mares Puck Pro. Sizokongola zoti mungavale ku ofesi koma manambala ake ndi akuluakulu ndipo zimapirira kugundidwa m'boti. Leonardo ndi Puck Pro zili ndi batani limodzi lokha, ena amakonda chifukwa sizisokoneza koma mukadutsitsa pomwe mumafuna mumazunguliranso menyu yonse, Zoop Novo ili ndi mabatani anayi. Dinani nokha mumve yomwe ikugwirizana ndi zala zanu. Ngati thumba likulola, Shearwater Peregrine ili ndi sikirini ya makala yowala bwino ngakhale madzi atada.

Tsopano nkhani yomwe ogulitsa akunja sangakuuzeni chifukwa iwo amaganiza za nyanja ya mchere basi. Nyanja ya Malawi ili pafupifupi mamita 470 kuchokera pa levulo ya nyanja zikuluzikulu, ndipo malamulo a PADI, bungwe lophunzitsa kudayiva, amati kudayiva kulikonse pamwamba pa mamita 300 ndi kwa altitude. Kumtunda kuno mpweya wa pamwamba pamadzi ndi wopepukirapo, ndiye mukatuluka kusiyana kwa presha ndi komwe mwachokera kumakhala kokulirapo, naitrojeni uja amafuna kutuluka mwachangu, choncho nthawi yanu yokhala pansi iyenera kufupika pang'ono. Makompyuta ena monga a Shearwater amazindikira okha kuti muli kumtunda, koma ena mumachita kuika nokha. Pa Zoop Novo seting'i ya 0 ndi ya mamita 0 mpaka 300, ya 1 ndi ya 300 mpaka 1,500, ndiye panyanja yathu iyenera kukhala pa 1. Musanalipire funsani kuti iyiyi altitude imaika yokha kapena ayi, ndipo tsekulani buku lake muone nokha, chifukwa kampani iliyonse imadula magawo ake mosiyana. Makompyuta ena amakhalanso ndi posankha madzi a mchere kapena opanda mchere, ndi zabwino kukhala nazo koma kusiyana kwake ndi pafupifupi 3 peresenti pa kuya komwe ikuonetsa, sizoti mungasiyire kompyuta yabwino.

Ndipo poti tili pa zomwezi, kompyuta imakuonetsani kandege kokuuzani kuti musakwere ndege, malangizo ake ndi maola osachepera 12 mukadayiva kamodzi ndi 18 mukadayiva kangapo. Koma kumbukirani kuti kuchoka ku Nkhata Bay kupita ku Mzuzu mukukwera kufika mamita oposa 1,200, Lilongwe nayo ili pamwamba pa 1,000, ndiye kutuluka m'madzi Lamulungu masana n'kulowa m'galimoto pompopompo kuti mukapezeke ku ntchito Lolemba si nzeru. Siyani maola apite, dayivi yomaliza ikhale yosaya komanso ya m'mawa.

Batire. Apa ganizirani komwe mumakhala. Zoop Novo ndi Puck Pro zimagwiritsa ntchito kabatire kaphwatalala ka CR2450, Leonardo ka CR2430, ndipo kamakhalitsa, koma musayembekeze kukapeza pa grosale ya kunyanja, gulani awiri pamodzi ndi O-ring yake (kamphira kozungulira koletsa madzi kulowa) tsiku lomwe mukugula kompyutayo. Posintha onetsetsani kuti pa O-ring palibe kamchenga kapena katsitsi, kamodzi kokha ndi kokwanira kulowetsa madzi. Zotchaja monga Peregrine sizifuna kutsekulidwa, koma ndi magetsi ozimazimawa muziyenda ndi power bank ndipo muzitchajiratu usiku.

Seting'i ya Nitrox (mpweya wokhala ndi okosijeni wochulukirapo) ikhalepo, ngakhale simunaphunzire. Pafupifupi zonse zamasiku ano zili nayo ndipo tsiku lina mudzapita ku Tofo ku Mozambique kapena ku Sodwana Bay ku South Africa n'kuifuna. Koma trimix (mpweya wosakaniza ndi helium wa madayivi akuya kwambiri), transmita yowerenga mpweya wa mu silinda, GPS, zonsezo zisiyeni kaye, munthu amene malire ake ndi mamita 18 ndalama imeneyo ndi bwino ipite ku madayivi enieni ndi kosi ya Advanced.

Mudzamvanso anthu akukangana za algorithm, masamu omwe kompyuta imawerengera nthawi yanu, ena Bühlmann ena RGBM. Kwa inu chofunika kudziwa n'chakuti zina zimapereka maminitsi ochepa kuposa zinzake makamaka pa dayivi yachiwiri ndi yachitatu ya tsiku, ndiye yanu ikasiyana ndi ya buddy wanu nonse mumatsata yomwe ikuti tiyeni tikwere msanga. Ndipo ngati muli otopa, munagona mochedwa kapena ndinu achikulire, ikani seting'i yosamala kwambiri, zambiri zili nayo.

Kogula, ambiri amaitanitsa kudzera kwa abale a ku Johannesburg kapena Durban, ena amagula yogwiritsidwapo kale ntchito kwa ma divemaster omwe akubwerera kwawo. Yogwiritsidwapo ntchito si yoipa bola muiyese musanapereke ndalama. Yang'anani mkati mwa galasi ngati muli nthunzi, tsekulani pa batire muone dzimbiri, onani logbook yake, kenako ipatseni masiku awiri isanalowe m'madzi kuti naitrojeni wa mwini wake wakale afufutike, mukatero mulowe nayo pamodzi ndi ya instrakita wanu mufananize kuya pa mamita 5 ndi pa 10. Ikamasiyana kwambiri kapena manambala akamadumphadumpha inu mutaima malo amodzi ndiye kuti sensa yatopa, imeneyo musaitenge ngakhale mtengo utsike bwanji.