Chingwe Chokha Sichiletsa Munthu Podula Mtengo

Kuchokera pamene namondwe wa Ana anatigwera mu Januwale 2022, kenako Freddy mu Marichi 2023, ife alangizi a kuno ku Chikwawa ndi Nsanje takhala tikuitanidwa kawirikawiri pa nkhani ya mitengo yopendekeka. Madzi anakokolola dothi kumizu, ndipo nimu, kesha ndi bulugamu amene tinadzala m'masukulu, m'matchalitchi ndi m'mbali mwa njira anatsala ataweramira madenga. Mitengo yotere imafunika kugwetsedwa isanagwe yokha. Koma dandaulo la anyamata odula mitengo ndi limodzi paliponse: "Alangizi, tamanga chingwe, anthu akungolumpha."

Inde alumpha, ndipo mawa alumphanso. Munthu sawoloka chingwe chifukwa chofuna kufa. Amawoloka chifukwa njira mwatsekayo ndi yomwe wakhala akudutsa chibadwire, ndipo simunamupatse ina. Mayi wasenza ndowa kuchokera ku mjigo, dzuwa la Okutobala lili pamutu, kutentha kwapitirira madigiri 40, ndiye mukumuuza azungulire kuseri kwa manda? Wakabaza ali ndi pasinjala amene akuthamangira minibasi pa Dyeratu. Mnyamata akuthamangitsa ng'ombe, ndipo ng'ombe siziwerenga chikwangwani. Ndiye ntchito yoteteza anthu imayamba dzulo lake, nkhwangwa isanakhudze khungwa.

Pitani kwa a nyakwawa. Musatume mwana, pitani nokha, mukhale pansi. Auzeni mtengo wake, tsiku, nthawi, ndi njira imene itsekedwe. Mawu otuluka m'kamwa mwa mfumu amalemera kuposa anu, ndipo akalengezedwa pa tchalitchi Lamlungu kapena pa mzikiti Lachisanu, pofika tsikulo mudzi wonse udziwa. Ngati mtengowo uli pa sukulu, aphunzitsi aakulu alengeze pa asembule. Ngati ndi wachilengedwe, monga tsanya, mtondo, bwemba kapena nsangu, yambani mwafunsa ku ofesi ya zankhalango, pakuti lamulo la zankhalango la 1997 linakhwimitsidwa mu 2020. Nthambi zikayandikira mawaya a magetsi, musayerekeze n'komwe. Dziwitsani a ESCOM. Pa msewu waukulu wa M1, apolisi ndi amene ali ndi mphamvu yoimitsa magalimoto, osati inu ndi kansalu kanu kofiira.

Nthawi nayo muisankhe. Chifukwa cha kutentha kwa m'chigwa muno, odula mitengo amakonda kulawirira m'mamawa, koma imeneyo ndi nthawi yomwenso amayi akupita ku mjigo ndi ku dimba, ana akupita ku sukulu. Dikirani ana alowe m'kalasi, ndipo mtengo ukhale uli pansi asanaweruke. Tsiku la msika lisiyeni. Tsiku limene mwera ukuwomba mwamphamvu lisiyeninso, chifukwa mphepo imatha kutembenuza mtengo mutaucheka kale.

Tsono mpandawo ukhale patali bwanji? Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Amamanga chingwe masitepe khumi kuchokera pa tsinde, chonsecho bulugamu wake ndi wamtali mamita 20. Lamulo la odula mitengo ndi lakuti munthu amene sakugwira nawo ntchito akhale pa mtunda wa kutalika kwa mtengowo kawiri, mbali zonse. Mtengo wa mamita 20, anthu akhale pa mamita 40, omwe ndi masitepe pafupifupi 50 a munthu wamkulu. Ndati mbali zonse, osati kumene mukufuna ugwere kokha, chifukwa mtengo wa mphako kapena wodyeka ndi chiswe mkati sumvera mdulidwe. Umatha kugwera cham'mbuyo, kapena kugwetsa mnzake, ndipo nthambi zouma zimathothoka n'kuuluka patali. Kuyeza kutalika n'kosavuta. Tengani kamtengo kotalika ngati mkono wanu, kagwireni chilili mkono mutautambasula kutsogolo, mubwerere cham'mbuyo mpaka nsonga ya kamtengoko ilingane ndi nsonga ya mtengo, chibakera chanu chilingane ndi tsinde. Pamene mwaimapo ndi pamene nsonga ingafike mtengo utagwa. Werengani masitepe, muwonjezere ena ochuluka chimodzimodzi.

Chotchingira chake, ine ndimakonda minga kuposa tepi yofiira ndi yoyera ija. Tepi ana amaiona ngati chidole, ndipo chingwe chabwino mukachisiya kwa ola limodzi mukachipeza pakhosi pa mbuzi ya wina. Koma nthambi za minga za masau kapena mthethe, zoikidwa chopingasa pa njira, aliyense wa kuno amadziwa tanthauzo lake, poti ndi zomwe timatchingira nazo madimba. Ngakhale ng'ombe imazilemekeza. Ikani mingayo pamalo pamene njira yozungulira ikuyambira, kuti munthu apatuke asanataye mtunda. Munthu amene wafika kale pafupi n'kuuzidwa kuti abwerere ndi amene amachita makani. Njira yozungulirayo muilambule ndithu, ioneke kuti ndi njira.

Komabe mpanda weniweni ndi munthu. Njira iliyonse yolowera pamalopo ikhale ndi mlonda wake, wamkulu, wodziwika m'mudzimo, osati kamwana kongopatsidwa ndodo. Akhale ndi wezulo, ndipo akhale poti wodulayo akumuona. Makina ochekera mitengo amasokosera moti wowagwiritsa ntchito sangamve kufuula kwanu, maso ake ali pa mdulidwe ndi kunsonga. N'chifukwa chake pafupi naye pamafunika mnzake wina amene ntchito yake ndi kuyang'ana alonda basi. Mugwirizane chizindikiro musanayambe: wezulo kamodzi motalika ndi manja onse m'mwamba, ndiye kuti imani.

Ndipo munthu akalowa, ntchito iime. Pamenepa sipafunika kukambirana. Kaya ndi wamakani, kaya ndi woledzera, kaya ndi mwana wa a gulupu, makina azimitsidwe mpaka atatuluka. Ndikudziwa mafuta ndi okwera mtengo, ndipo ganyu amalipira mtengo ukagwa. Koma wodula amene amati "ndamuuza kale, zake zimenezo" akuiwala kuti nkhani ikafika ku bwalo la mfumu kapena ku polisi, funso loyamba lidzakhala lakuti anagwira makina ndani. Pali nthawi imodzi yokha imene kuimitsa sikutheka, ndiyo mtengo ukayamba kulira. Choncho musanacheke komaliza, zimitsani makina, muitane mlonda aliyense ndi dzina, aliyense ayankhe kuti kwayera, kenako mufuule kuti "Ukugwa!" ndipo mumalize.

Kalankhulidwe ka mlonda n'kofunika zedi. "Iwe, sukuona chingwe?" amabala ndewu. Koma "Pepani mayi, mtengo uwu ukugwera pomwe mukupitapo, tadzerani uku ndikuthandizeni ndowayo" amagwira ntchito. Agogo mukawaona akubwera, akumaneni patali, chifukwa ena samva bwino ndipo ena maso anachita mdima. Agwireni dzanja muwaperekeze. Wakabaza muuzeni zoona: "Achimwene, mphindi khumi zokha." Mukanena khumi zikhaledi khumi, apo ayi mawa sadzakukhulupirirani. Woledzera musamukankhe kapena kulimbana naye. Itanani abale ake kapena a komiti ya chitetezo cha m'mudzi. Wina akapitiriza kubwerera dala, siyani ntchito, nkhaniyo ipite kwa a nyakwawa amene munayamba mwawauza aja.

Vuto lalikulu kwenikweni limabwera mtengo utagwa. Nkhuni m'chigwa muno ndi golide, makamaka m'midzi yozungulira minda ya nzimbe ku Nchalo ndi yoyandikana ndi Lengwe, kumene kulowa m'nkhalango kukatola nkhuni popanda chilolezo ndi mlandu. Mtengo ukangoti phii, khamu lonse limene linaima mwaulemu lija limathamangira ndi zikwanje. Ndinaziona ndi maso anga pa sukulu ina: kesha wamkulu atagwa, alonda anaiwala ntchito nawonso n'kuyamba kulimbirana nthambi. Mtsikana wina anadula nthambi imene inali itapanikizika pansi pa thunthu, nthambiyo inafwamphuka ngati msampha n'kumuphonya pang'onong'ono kumaso, thunthu linagubuduka. Tsoka silinunkha. Kulakwa kunali kwanga, chifukwa sindinanene za nkhuni tisanayambe.

Mtengo wogwa usakunyengeni kuti wafa. Wagonera pa nthambi zopindika zimene zasunga mphamvu, ndipo ukadula yolakwika thunthu limatembenuka. M'mphako mumakhala njuchi, mavu, ngakhale njoka, zonse zitakwiya. Ndiye nkhani ya nkhuni ithe dzulo lomwe lija, pamaso pa mfumu ndi mwini mtengo: thunthu ndi la yani, nthambi agawana bwanji, adzayamba kutola nthawi yanji. Njira imene ndaona ikuthandiza ndi yakuti odulawo asadze okha, akokere nthambi kunja kwa mpanda, aziunjike milu, amayi a komiti agawe. Munthu akadziwa kuti mulu wake ulipo, sathamangira pansi pa makina. Ana nawo apatseni malo awo owonerera, pamthunzi, kunja kwa masitepe aja, pamodzi ndi wamkulu mmodzi. Kuwathamangitsa n'kutaya nthawi, amangozungulira n'kutulukira kuseri kumene simukuyang'ana.

Nthawi zina mtengo umakodwa pa unzake, osafika pansi. Musakwere, musadule umene waugwirawo, ndipo wina asadutse pansi pake. Ukokeni ndi chingwe chachitali kapena thirakitala muli patali. Dzuwa likalowa usanatsike, mpanda usachotsedwe, muwonjezere minga, a nyakwawa adziwe usiku womwewo, ndipo wina agone pafupi kuti achenjeze olawirira ku dimba mbandakucha. Chimodzimodzi mtengo umene mwaucheka theka mafuta n'kutha. Mpanda muchotse pokhapokha thunthu litadulidwa zidutswa zosagubuduka, ndipo mwayang'ana m'mwamba m'mitengo yoyandikana nayo kuti mulibe nthambi yothyoka imene yatsala ikulendewera. Mukatero, kauzeni a nyakwawa kuti njira yatseguka.