Ulendo wa ku Québec, mzinda wa m'linga: mmene mungaukonzere kuchokera ku Mangochi

Ku America konse kumpoto kwa Mexico, mzinda umene udakali ndi linga lake ndi umodzi wokha: Québec, ku Canada, m'mbali mwa mtsinje wa Saint-Laurent. Ndi mzinda wolankhula Chifalansa. Samuel de Champlain wa ku France ndiye anaukhazikitsa mu 1608, ndipo chigawo chake chakale chinalowa m'kaundula wa UNESCO mu 1985. Ndi malo aang'ono, masiku atatu akukwanirani. Zimene zimasokoneza alendo ndi ziwiri, chisanu ndi chitunda, choncho ulendo wonse muukonze poganizira zimenezi.

Yambani ndi mapepala. Mmalawi amafunika viza ya mlendo, ndipo amafunsira pa intaneti. Mtengo wake ndi madola a ku Canada 100, kuphatikizanso 85 a zidindo za zala ndi chithunzi. Musagule tikiti viza isanatuluke. Kuchokera ku Mangochi, bwalo la ndege lapafupi ndi Chileka, kudzera ku Liwonde ndi Zomba. Ndege za Ethiopian Airlines zimapita ku Addis Ababa, kumene mumasintha n'kukwera ya ku Toronto, kenako ina yaing'ono yokatera pa bwalo la Jean-Lesage. Tikiti yotchipa yodutsa ku United States isakukopeni: kumeneko ngakhale wongosintha ndege amafunika viza yawo, ndipo popanda imeneyo adzakubwezani musanakwere n'komwe. Ngati mwafikira ku Montréal, sitima ya pamtunda ya VIA Rail imatenga maola atatu ndi mphindi zingapo kukafika pa siteshoni ya Gare du Palais, kunsi kwa linga.

Munthu wozolowera kutentha kwa kunyanja apite pakati pa June ndi kumayambiriro kwa October. Mu July masana kumafika cha pa madigiri 25, ndipo dzuwa limalowa itadutsa 8 koloko. Kumapeto kwa September masamba a mitengo amafiira, koma m'mawa kumazizira kuposa June wa ku Dedza. January ndi nkhani ina: kumatsika mpaka madigiri 20 pansi pa ziro, ndipo mu December mdima umagwa cha m'ma 4 koloko. Jekete ya pa kaunjika wa pamsika singathandize pamenepo. Amene akufunitsitsa kukaona chikondwerero cha Carnaval, chomwe chimachitika cha mu February, akagule konko jekete yokhuthala, magolovesi, chipewa chophimba makutu ndi nsapato zosaterera.

Mzinda wakalewu uli pawiri. Haute-Ville ili pamwamba pa thanthwe la Cap Diamant, m'kati mwa linga. Basse-Ville ili kunsi, kumadzi. Lamulo lake n'losavuta: yambirani pamwamba, tsikani wapansi, pobwerera kwerani chikepe. Ambiri amachita mosemphanitsa, ndipo pofika masana mawondo amakhala atatha.

Tsiku loyamba lipatseni linga. Ndi lotalika makilomita 4.6, ndipo mbali zina mumayenda pamwamba pake penipeni. Kwerani pa chipata cha Saint-Jean, mudutse cha Kent, mukafike cha Saint-Louis. Amene anaona mfuti ya sitima ya Gwendolen pafupi ndi nsanja ya wotchi pa boma la Mangochi adzadabwa ndi mizinga yakuda imene yandandalikana mumsewu wa des Remparts, yonse italoza kumtsinje. Kupitirira chipata cha Saint-Louis kuli Citadelle, linga looneka ngati nyenyezi. Muli asilikali mpaka lero, a Royal 22e Régiment, n'chifukwa chake simulowa nokha: mumayenda pagulu ndi wokutsogolerani. Pogula tikiti funsani nthawi ya gulu la Chingelezi, apo ayi mudzangogwedeza mutu ola lathunthu. Kuseri kwake kuli dambo la Plaines d'Abraham, pamene asilikali a Britain otsogoleredwa ndi James Wolfe anagonjetsa a France otsogoleredwa ndi Montcalm mu 1759, akuluakulu onse awiriwo n'kufa ndi mabala a nkhondo yomweyo.

Tsiku lachiwiri yambirani pa Terrasse Dufferin, khonde lalitali la matabwa kutsogolo kwa Château Frontenac, hotela imene inatsegulidwa mu 1893. Kugona mmenemo n'kodula kwambiri, kuijambula n'kwaulere. Tsikirani pa masitepe 59 a Casse-Cou, dzina lotanthauza kuthyola khosi, mugwire chitsulo cha m'mbali ngati kwagwa mvula. Kunsiko kuli kanjira ka Petit-Champlain ndi bwalo la Place Royale, pomwe pali tchalitchi cha Notre-Dame-des-Victoires cha mu 1688. Misewu yake ndi ya miyala yoyala, yosalala chifukwa chopondedwa zaka zambiri, moti nsapato za gogoda kapena mapatapata n'kudzizunza. Madzulo kwerani pantoni yopita tsidya la Lévis. Imawoloka mphindi pafupifupi 12, ndipo pobwerera mumaona mzinda wonse utayaka magetsi. Kenako chikepe cha Funiculaire, chomwe chinayamba mu 1879, chikubwezereni pamwamba.

Tsiku lachitatu n'la mathithi a Montmorency, otalika mamita 83, kunja pang'ono kwa mzinda.

Mtengo wolembedwa m'sitolo si umene mudzalipire. Pakauntala amawonjezera misonkho iwiri, 5 peresenti ya boma lalikulu ndi 9.975 ya chigawo, ndipo m'malesitilanti mumasiyanso pafupifupi 15 peresenti ya wokuperekerani chakudya. Mbale ya madola 20 imathera cha pa 26. Kunenerera mtengo kulibe. Asilamu ndi ena osadya nkhumba aloweze mawu atatu awa a Chifalansa otanthauza nyama ya nkhumba: porc, jambon ndi lard. Chitumbuwa chawo cha nyama, tourtière, nthawi zambiri chimakhala ndi nkhumba, ndipo pa poutine, tchipisi chothira tchizi ndi msuzi, funsani kuti msuziwo ndi wa chiyani.

Ogwira ntchito m'malo a alendo amamva Chingelezi, koma muziyamba ndi "Bonjour" musanafunse kanthu. Kulowa m'sitolo osapereka moni kumeneko n'chimodzimodzi kulowa pakhomo pa munthu wopanda odi. Galimoto zimayenda kumanja, ndiye powoloka msewu yambani kuyang'ana kumanzere. Magetsi ndi a mavoti 120 ndipo pulagi yathu ya mano atatu silowa, tengani adaputala. Poimbira foni kunyumba kumbukirani kuti m'miyezi yotentha iwo ali kumbuyo ndi maola 6: mukamadya chamadzulo 7 koloko, ku Mangochi ndi 1 koloko usiku.