Akati "a stone's throw", funsani kuti ndi mphindi zingati

Mukamafufuza nyumba ya lendi kapena hotela pa intaneti, kaya ku London kaya ku Cape Town, mawu akuti "a stone's throw" mudzawaona kawirikawiri. Amatanthauza kuti malowo ali pafupi kwambiri, pamtunda woti mwala woponyedwa ndi dzanja ungafike.

Amati "a stone's throw from the station" kapena "just a stone's throw away". Chilembo cha s chija, pamodzi ndi kachizindikiro kake, musachisiye, chifukwa "a stone throw" eni chinenero amaimva yopunduka. Komanso mawuwa ndi a mtunda, osati a nthawi. Mayeso akayandikira, nenani "just around the corner".

Koma chenjerani ndi otsatsa nyumba. Amawakonda mawuwa poti alibe muyeso weniweni, ngati munthu wa kumudzi akakuuzani kuti "ndi pompano apa" kenako muyenda mpaka dzuwa kupendeka. Musanapereke dipoziti, lembani adiresiyo pa Google Maps, sankhani ulendo wapansi, muone nokha mphindi zake. Ndipo polemba kalata ya kuntchito kapena lipoti, asiyeni mawuwa, ingolembani kuti mamita 300 kapena mphindi 5.