Sitata ikuzungulira koma injini siikulira

Achimwene, mwati galimoto yanu ya MGB ya 1972 ija sitata ikuzungulira koma injini ikukana. Yambani ndi moto. Masulani pulagi imodzi, muibwezere ku waya wake, muigunditse pa chitsulo cha injini wina akupotokola kiyi. Moto wabuluu ukathetheka, mbali imeneyo ili bwino. Ukasowa, tsegulani distributor (chogawa moto ku mapulagi) muone mapointi (tizitsulo tokhudzana ndi kulekana m'kati mwake), paja chinyezi cha kunyanja kuno ku Mangochi sichichedwa kuwadyetsa dzimbiri. Apaleni ndi sandipepa, mpata wake ukhale 0.015 inchi.

Kenako petulo. Mukayatsa kiyi, pampu ya petulo ya mtundu wa SU imamveka kumbuyo kuti ti-ti-ti. Ikangoti zii, igogodeni pang'ono ndi sipanala, kawirikawiri imadzuka. Pulagi ikatuluka yonyowa ndi petulo, bwezani choki (chomwe mumakoka kuti petulo achuluke injini ikazizira), pondani mafuta mpaka pansi, mulizenso.