Nkhawa zanga ndinazipatsa mphindi 20 zokha patsiku

Kwa pafupifupi chaka chathunthu ndinkadzidzimuka 3 koloko usiku popanda wondidzutsa. Ntchito yanga inali ya kontrakiti ya chaka chimodzi chimodzi, ndiye ndikangotsegula maso mumdimamo funso linali lomwelo: nanga akapanda kundisainitsanso? Kuchoka pamenepo mutu unkathamanga wokha. Ntchito yatha, lendi yavuta, ana aleka sukulu, ine ndadwala. Pofika 4 koloko ndinkakhala nditalira kale maliro anga omwe, mtima uli phaphapha ngati ndathamangitsidwa ndi galu, chikhalirecho ndili gone pabedi langa.

Malangizo amene aliyense amathamangira kupereka ndi akuti "ingosiyani kuganiza kwambiri." Ndinayesa, osatheka. Katswiri wina wa za maganizo, Daniel Wegner, anasonyeza chifukwa chake mu 1987. Anauza anthu kuti kwa mphindi 5 asaganize za chimbalangondo choyera, ndipo chikawabwerera m'mutu aziliza belu. Belulo linkangolira. Atawamasula kuti tsopano aganize za chimbalangondocho, anachiganiza kuposa anzawo amene sanaletsedwe. Ganizo ukalipirikitsa limabwerera litaitana anzake.

Chimene chinandithandiza si kuzithamangitsa nkhawazo koma kuzipangira nthawi yokumana nazo, monga timachitira ndi munthu wovuta amene amakonda kutulukira pakati pa ntchito. Njirayi si yanga. Thomas Borkovec ndi anzake a ku Pennsylvania State University anailongosola mu 1983. Iwo ankati theka la ola patsiku, koma ine mphindi 20 zimandikwanira.

Yambani ndi kusankha nthawi ndi malo, ndipo musamasinthesinthe. Kwanga ndi 6 koloko madzulo, pampando wina wolimba umene sindikhalapo nthawi ina iliyonse. Pabedi ayi, ndiponso nthawiyo isayandikane ndi yogona, chifukwa simukufuna kuti thupi lizolowere zoti pilo ndiye ofesi ya nkhawa.

Kenako pezani kakope kokwana m'thumba. Masana ganizo loipa likakutulukirani, lilembeni mzere umodzi basi, mulilonjeze kuti muonana madzulo, n'kubwerera ku chimene chili m'manja mwanu. Apa ndi pamene pali ntchito yeniyeni. Sabata yoyamba ndinkatulutsa kakopeko mwina kakhumi dzuwa lisanafike paliwombo, ndipo ndinkadziona wopusa polankhula ndi mutu wanga womwe. Ganizo lomwelo likabweranso, musalilembe kawiri. Ingochongani pambali pake. Tizichongo timeneti ndi timene tinandionetsa kuti ndinalibe nkhawa zana monga ndinkaganizira. Zinali zitatu zokha, zongosintha malaya.

Nthawi ikakwana, tcherani alamu pafoni, tsegulani kakope. Mupeza kuti zina zimene zimakuwotchani m'mamawa zazilala kale, moti mudzifunsa kuti chimakuvutani n'chiyani. Zikhwatcheni. Zotsalazo muzifunse funso limodzi, chimodzi ndi chimodzi: kodi pali chimene ndingachitepo sabata ino?

Ngati chilipo, chilembeni chaching'ono, chokhala ndi tsiku lake. "Kukonza tsogolo langa" si ntchito, ndi nkhawa inanso. "Lachinayi ndikonze CV" ndiye ntchito. "Lolemba ndifunse abwana kuti za makontrakiti tidzamva liti" ndiye ntchito. Funso limenelo ndinakhala nalo miyezi inayi ndikuopa kulifunsa, koma kuliyankha kwake sikunatenge ngakhale mphindi ziwiri.

Ngati palibe chimene mungachite, ndiye kuti chimene mwagwiracho ndi ulosi chabe, ndipo ulosi umafunika kuulemba kuti udzayesedwe. Lembani momveka bwino: "Zotsatira za kuchipatala zituluka zoipa." "Mwana alephera mayeso." Ikani deti limene mudzadziwe zoona zake, ndipo likafika mubwererepo mulembe zimene zachitika. Musadumphe mbali imeneyi. Mutu wa munthu wankhawa umasunga bwino tsiku limodzi limene unalondola, n'kuiwala masiku makumi amene unanama. Akatswiri ena a za maganizo, Lucas LaFreniere ndi Michelle Newman, anapempha anthu 29 odwala matenda a nkhawa kuti azilemba nkhawa zawo n'kumatsatira mathero ake, ndipo pa nkhawa 100 zilizonse, pafupifupi 91 sizinachitike. Anthu 29 ndi ochepa, n'chifukwa chake ndimati umboni umene ungakugwireni mtima ndi wa m'kope lanu lomwe, wolembedwa ndi dzanja lanu.

Alamu ikalira, tsekani, dzukani pampandopo ngakhale musanamalize. Zotsala zidikire mawa.

Nanga za 3 koloko usiku zija? Usiku si nthawi yoweruza milandu. Chilichonse chimaoneka chachikulu kuposa msinkhu wake. Kakope kazikhala pafupi ndi bedi. Lembani, kenako pumani mokoka mpweya pang'onopang'ono n'kuutulutsa motalikitsa kuposa mmene munaukokera, chifukwa kutulutsa mpweya mwachifatse kumachepetsa liwiro la mtima. Tulo tikakana kwa mphindi ngati 20, dzukani mukakhale pena powala pang'ono mpaka maso atalemera. Foni isiyeni. Ine usiku wina ndinafufuza pa intaneti za kupweteka kwa mutu, ndipo kunja kunacha nditadzipeza ndi matenda anayi.

Njirayi ili ndi malire ake. Ngati nkhawa yakhala ikukupanikizani masiku ambiri kwa miyezi 6 kapena kuposerapo, mukulephera kuiletsa, tulo ndi ntchito zasokonekera, pitani mukaonane ndi dokotala kapena mlangizi wa za maganizo. Ndi matenda odziwika, ndipo ali ndi chithandizo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linati mu 2019 anthu 301 miliyoni padziko lonse anali ndi matenda a nkhawa. Koma maganizo akafika poti bola kufa, musadikire 6 koloko. Uzani munthu amene mumamukhulupirira ndipo mupeze thandizo tsiku lomwelo.

Ndisakunamizeni kuti zonse zimene ndinalemba sizinachitike. Chaka chachiwiri kontrakiti ija sanaiwonjezeredi. Zinandiwawa, ndipo panadutsa miyezi itatu yowawitsa ndisanapeze pena. Koma tsiku limene anandiuza, CV inali yokonzakonza kuyambira Lachinayi lija, ndipo anthu awiri anali atavomera kale kudzandichitira umboni. Madzulo ake ndinatsegula kakope, ndinapeza mzere uja wa "sadzandisainitsanso", ndinalemba pambali pake kuti "zachitika". Pamwamba pake panali mizere ina khumi ndi umodzi, yonse yolembedwa "sizinachitike".