Milomo yong'aluka chifukwa cha nkhawa: zimene zinandithandiza

Milomo yanga inkauma ndi kung'aluka nkhawa ikachuluka. Munthu akapanikizika m'maganizo amanyambita ndi kuluma milomo mosazindikira, komanso amapumira kukamwa. Khungu la milomo lilibe tiziwalo totulutsa mafuta, ndiye malovu akauma amaisiya youma kuposa poyamba.

Ndinasiya mafuta opaka okhala ndi menthol kapena camphor, chifukwa amapweteka khungu long'aluka. M'malo mwake ndimapaka Vaseline kangapo masana, ndi wochulukirapo pogona. Ndikamva kuti ndikufuna kunyambita, ndimamwa madzi pang'ono, kenako n'kupumira m'mphuno pang'onopang'ono mpaka mtima utakhazikika. Timakungu tofunduka musatisende, pamatuluka magazi ndipo bala limachedwa kupola.

Ngati palibe kusintha pakatha milungu 2 kapena 3, kapena m'mbali mwa kamwa mwang'ambika, pitani kuchipatala.